Ndinapezeka wolakwa pa mlandu wakuba mu 2021, kodi za unesi ndingoiwala?

Wa ku Chiputula analemba:

Moni nonse. Uthengawu ndaulemba nkufufuta kangapo koma lero ndangoti basi ndiuponye. Dzina ndabisa dala, Mzuzu mukumudziwa nokha, ukayetsemula ku Katoto a ku Luwinga amva kale.

Nkhani yanga ili chonchi. Mu 2021 ndinkagwira pa tilu mu shopu ina mtauni muno, ndinali ndi zaka 22. Mayi anga anadwala, mankhwala ena anatilembera kuti tikagule tokha ku famase, uku alandilodi akugogoda m'mawa uliwonse, ine ndinayamba kutapa mu tilu pang'onopang'ono ndikudzinamiza kuti ndibweza mwezi ukatha. Mukudziwa mmene zimathera. Tsiku lowerenga stoko anapeza shoti ya K214,000, amanejala anaitana apolisi, ndinagona mu selo masiku awiri kenako rimandi sabata imodzi ndisanapatsidwe belo. Ku khothi sindinavute, ndinavomera. A majisitireti anati poti ndi koyamba komanso ankolo anga anabweza ndalama zonse, m'malo mwa miyezi 6 kundende ndikagwire community service. Sindikudziikira kumbuyo ayi, ndinaba, kudwala kwa mayi sikunandigwire dzanja nkulilowetsa mu tilu.

Chodabwitsa nchoti ntchito ya chilangoyo anandiponya pa chipatala china chaching'ono, kukolopa ndi kusesa. Tsiku lina m'mawa kukuzizira kwa Juni kuja, ndikukolopa kolido, mayi wina amene anabwera pa kabaza matenda atamupana sanafike ndi mu leba momwe, anangogwada pa benchi pompo. Nesi anali yekha. Anandikuwira kuti iwe siya mopuyo gwira chitenje apa utchinge, ndiye ndinaima nditatambasula chitenje manja akunjenjemera anthu a pa mzere akusuzumira, iye akulankhula ndi mayi uja mofatsa ngati palibe chikuchitika, mpaka mwana analira. Kenako anandiuza kuti thamanga katenge bulangete. Ndinamaliza kukolopa magazi aja ndekha ndipo chiyambire tsiku limenelo mutu wanga sunachokemo mmenemo.

Ndinabwerera ku open school, ndinalembanso MSCE mu 2023, ndinapeza mapointi 18, masayansi, masamu ndi chizungu zonse zili ndi makirediti. Maloto anga anali digiri ya pa Mzuni koma ndikuona kuti dipuloma ya unesi ndi uzamba ya zaka zitatu, ija amati NMT, ndi imene ndingakwanitse, ndikuganiza za koleji ya St John's kapena ya Ekwendeni poti nkufupi ndi mayi. Ankolo omwe aja amene anandilipirira mlandu akuti agulitsa ng'ombe ziwiri kumudzi ku Euthini kuti ndiyambire fizi. Apa ndi pamene tulo sindikupeza. Nkhuyu zodya mwana zinapota kale akuluwa kamodzi, sindikufuna agulitse ng'ombe zawo ndiye ine ndidzaphunzire zaka zitatu kenako adzandiuze kuti layisensi sitikupatsa, kapena ntchito osapeza.

Ndiye funso langa, makamaka kwa anamwino amene muli muno, kodi munthu woti anapezekapo wolakwa kukhothi amaloledwa? Pa fomu akafunsa ndiulule kapena ndingokhala duu? Nanga community service imawerengedwa ngati kumangidwa, poti ine kundende kukagwira ukaidi sindinapite? Otukwana tukwanani koma mundiyankhenso.

Chibavi Boy anayankha:

Kkkk sisi mukudzivutitsa ndi zinthu zopanda mutu. Kuno ndi ku Malawi, fayilo yanu pano ili pansi pa mulu wa mapepala penapake chiswe chikudya. Ndani angakhale pansi kumafufuza mwana wa sukulu wa unesi? Lembani NO basi mupite mukaphunzire. Anthu anaba mamiliyoni a Cashgate mu 2013 muja ena akuyenda pa ma Prado, inu 214 pin yomweyo mpaka kusowa tulo? Dyani nsima mugone.

Sisita Wakale anayankha:

Mwanawe, usamvere za mnyamata wa ku Chibaviyo, iye mawa sadzakhalapo pamene ukuitanidwa mu ofesi. Ine ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba zaka zoposa 20, ndakhala in-charge wa wodi, ndaphunzitsa ana a sukulu ambirimbiri akabwera ku ma practical, ndiye ndikuuza zimene maso angawa aona.

Choyamba udziwe kuti zipata ndi zitatu, si chimodzi. Koleji ndi chipata choyamba ndipo ndi chophweka kuposa zonse, iwo kwenikweni amayang'ana satifiketi yako, intavyu komanso ngati fizi ilipo. Chachiwiri ndi Nurses and Midwives Council of Malawi ku Lilongwe, bungwe lopereka layisensi kwa anamwino ndi azamba, imene imayendera lamulo la anamwino ndi azamba la 1995. Ukangoyamba sukulu dzina lako limapita kumeneko, timati indexing, ukamaliza umalemba mayeso awo a layisensi, ukakhoza ndiye umalowa mu kaundula, ndipo chaka ndi chaka umalipira ndi kuonetsa mapointi a CPD, osonyeza kuti ukupitiriza kuphunzira uli pa ntchito, kuti ukhalebe mmenemo. Council yomweyo ili ndi mphamvu yokuitana pa nkhani ya khalidwe ndi kukufufuta. Chachitatu ndi wolemba ntchito, kaya ndi boma kudzera ku Health Service Commission kapena Local Government Service Commission, kaya CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, kaya ma NGO. Ana ambiri amaganiza kuti akalowa geti ya koleji ndiye kuti zatheka, ayi, geti imeneyo ndi ya ndalama za ankolo ako chabe.

Tsono ndikuuze zowawa. Ukanakhala kuti unamenyana ndi mnzako pa mjigo nkulipitsidwa faindi ndikanati usadandaule kwambiri. Koma kuba pa ntchito, pa malo amene anakukhulupirira ndi makiyi, ndi mlandu umene umatigunda pa bala ife a chipatala. Mu wodi muli kabati yokhoma kawiri, timati ya DDA, mmene timasungamo mankhwala amphamvu oletsa ululu monga pethidine ndi morphine. Kiyi wake amakhala m'thumba la yunifomu ya nesi wamkulu pa shifiti, sasiyidwa pa tebulo olo kupita ku toileti. Pa handover ya 7 koloko m'mawa, wotuluka naiti ndi wolowa amaima limodzi kutsegula, kuwerenga ma ampoule, timabotolo ta mankhwala obaya, limodzilimodzi, kuyerekeza ndi rejisitala, dzina la wodwala, nthawi, mlingo, wopereka ndi mboni onse asayine. Likasowa limodzi palibe amene amapita kunyumba. Ndikukumbuka tsiku lina tinakhala mpaka 10 koloko maso ali gwa tulo tosagona usiku wonse, tikufufuza ampoule imodzi mpaka mu bini ya zonyansa ndi magolovesi, kenako tinapeza kuti mnzathu anabaya mayi wa siza 3 koloko usiku nkuiwala kulemba. Maola atatu amenewo aliyense ankayang'ana mnzake ndi diso lina. Tsono taganiza kuti pa gulu limenelo pali mmodzi amene zangodziwika dzulo lake kuti anabisa mlandu wa tilu. Olo ukhale woyera ngati thonje, tsiku limenelo wakuba ndi iwe.

Ndipo si pethidine yekha. LA wa malungo, ma antibiotic, magolovesi, ma cannula, zonsezi zimatuluka pa geti m'zikwama nkukapezeka mu ma grocery ndi pa msika, nchifukwa chake unduna unakhazikitsa gulu lofufuza za kuba mankhwala ndipo lamulo la 2019 la PMRA, bungwe loyang'anira za mankhwala, linakhwimitsa zilango. Odwalanso amatisungitsa zinthu, gogo akupita ku fiyeta amamasula kansalu ka m'chiuno nkukupatsa kuti mwanangu ndisungire, osawerenga nkomwe.

Ndiye ndikuti usiye? Ayi. Ndagwirapo ndi anthu a mbiri yoyera amene ndinkawabisira ngakhale sopo, ndipo ndagwirapo ndi mtsikana wina amene tsiku loyamba anabwera yekha mu ofesi nkundiuza kuti sisita ndisanayambe mudziwe izi ndi izi. Miyezi yoyamba kiyi sindinkamupatsa, ndisaname. Patatha chaka ndi iye amene ndinkamusiyira wodi ndikapita ku maliro. Kusiyana kwake nkoti ndinazimva kwa iye mwini, sindinazimve ku minibasi.

Chimene ungachite ng'ombe zisanapite ku msika, lemba kalata kwa Registrar, mkulu wa ofesi ya Council, ufotokoze mlandu, chaka, chilango ndi kuti unamaliza, ufunse ngati angakuchite index ndi kukulembetsa ukadzakhoza. Yankho likhale lolembedwa, osati la pa foni loti aaa palibe vuto bwerani, woyankha foni mawa amasamutsidwa. Kalatayo uisunge ngati chiphaso cha ku sikelo. Safunsa anadya phula.

Gadiyani wa ku Masasa anayankha:

Pepani ine ndilankhula zosakomera anthu muno. Chaka chatha ndinagona pa simenti milungu itatu ndikudikirira bambo anga, mankhwala akuti atha kagule, ukapita kogulako ukupeza omwewo a boma. Foni ya bambo inasowa pansi pa pilo usiku. Ndiye lero mukundiuza kuti munthu woti khothi linamupeza kuti ndi wakuba avale zoyera azisunga makiyi a mankhwala? Ntchito zilipo zambiri, kusoka, saluni, geni ya kaunjika ku Zigwagwa. Malipiro a unesi amachedwa, mavuto a kunyumba satha, mayi akadzadwalanso mudzatapa pati? Sindikukudani mayi koma funso limeneli muliyankhe mumtima mwanu kaye.

Wa ku Chiputula anayankha:

A Gadiyani zandipweteka koma simunalakwe, funso limenelo ndimadzifunsa ndekha. Mayi anadwalanso chaka chatha, nthawi imeneyo ndinali msungichuma wa banki mkhonde yathu ya azimayi 15, ndipo amayiwo anandisankha akudziwa zonse poti ena anabwera ku khothi kudzaonerera. Bokosi linali pansi pa bedi langa. Ndinagulitsa foni ndi matiresi, mu bokosi simunasowe olo K50. Sindikuti zimenezi zikufufuta zakale, ndangoti mudziwe. Pepani za bambo anu.

Sisita yewo chomene, za kalata ya ku Council sindinaziganizeko nkomwe, ine ndimangoona ngati nkhani yonse ithera pa intavyu.

Mzanu wa Pakhonde la Khothi anayankha:

Achemwali, ine si loya koma ntchito yanga ndi yothandiza anthu pa nkhani za milandu, tsiku lililonse ndimakhala pa mabenchi a khothi ndi pa geti ya ndende, ndiye ndilowepo pa funso lanu lachitatu lija poti palibe waligwira.

Vuto loyamba ndi chilankhulo chathu chomwechi. Mawu oti kumangidwa timawagwiritsa ntchito pa zinthu zinayi zosiyana. Wapolisi akakugwira pa msewu nkukugoneka mu selo timati wamangidwa. Ukakhala pa rimandi kudikira mlandu timati wamangidwa. Khothi likakupeza wolakwa timati wamangidwa. Ukapita kukagwira ukaidi timatinso wamangidwa. Koma fomu imabwera mu chizungu ndipo kawirikawiri mawu ake amakhala convicted, kutanthauza chachitatucho, kupezeka wolakwa pamaso pa khothi. Anthu ambiri amanama pa fomu osadziwa kuti akunama, amati ine kundende sindinapite ndinangolipira faindi, ena amaulula zosafunika kuulula, munthu anangogona mu selo usiku umodzi wodandaula nkukachotsa mlandu m'mawa mwake, iye nkumadziyesa kuti ali ndi rekodi moyo wake wonse.

Kwa inuyo, monga mwafotokozeramu, munavomera mlandu, umene mwina pa chaji shiti unalembedwa kuti theft by servant, gawo 286 la Penal Code, ndipo munapatsidwa community service. Community service ndi chilango, chimabwera munthu atapezeka kale wolakwa, chimangolowa m'malo mwa ndende pa milandu ing'onoing'ono. Chimodzimodzi suspended sentence ya gawo 339 la Criminal Procedure and Evidence Code, munthu amapita kunyumba koma conviction ilipo. Ndiye funso likati have you ever been convicted, yankho lanu loona ndi inde. Pali njira ina pa gawo 337 la lamulo lomwelo pamene khothi likhoza kuona kuti mlandu watsimikizika koma nkungomudzudzula munthu nkuuthetsa osalemba conviction, nchifukwa chake ndimauza aliyense kuti osadalira zimene unamva tsiku lachigamulo uli mu bokosi miyendo ikunjenjemera womasulira akuthamanga, pita ukaone zimene zinalembedwa. Kwa ena amene mukuwerenga mwakachetechete muno, ngati munalakwa muli ana nkhani yake ndi ina, Child Care, Protection and Justice Act ya 2010 salola kuti mawu oti conviction ndi sentence agwiritsidwe ntchito pa mwana, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi wosakwana zaka 18. Koma achemwaliwa anali ndi 22, izi siziwakhudza.

Zochita zake nazi. Pitani ku registry, ofesi yosunga mafayilo, ya khothi limene linaweruza mlandu wanu, mutenge nambala ya mlandu, imakhala criminal case number chakuti of 2021, ngati munaiwala yang'anani pa pepala la belo kapena funsani ku polisi kumene munatsekeredwa. Pemphani kope ya chigamulo yodindidwa. Kenako kwa ofesala wa community service mukatenge umboni woti maola anu munamaliza onse, pepala limeneli anthu amalinyozera koma ndi limene limasonyeza kuti nkhani inatsekedwa. Ngati pali risiti kapena kalata yoti ndalama zinabwezedwa, iphatikizeni. Kenako kapangitseni police clearance, kalata ya polisi yosonyeza ngati muli ndi rekodi ya mlandu, nokha musanatumidwe ndi munthu, amakudindani zala zonse khumi ndipo zimakafufuzidwa ku likulu la polisi ku Area 30 ku Lilongwe. Mukatero mudziwa chimene bwana wa mawa adzaone, osati kumangoganizira.

A Chibavi Boy, za chiswezo nzoona mafayilo ena amasowa, ndaonapo. Koma zala anadinda tsiku lomwe anamugwira, ndipo chiswe chachikulu mu Mzuzu si cha mapepala, ndi anthu. Amene anali naye pa tilu yoyandikana mawa adzabwera ku sikelo ndi mwana nkumupeza atavala yunifomu. Ndipo kulemba bodza pa fomu ya ntchito ndi chifukwa chokwanira chokuchotsera pachokha, olo mlandu woyambawo akanaukhululuka.

Mukafuna malangizo a loya weniweni osalipira, Legal Aid Bureau ili ndi ofesi konkuno ku Mzuzu, pitani m'mawa mzere usanatalike.

Chibavi Boy anayankha:

Inu mukulankhula za m'mabuku. Pa intavyu pali anthu 600 malo 50, wina walemba YES wina walemba NO, mukuganiza atenga ndani? Chilungamo sichilipira renti akulu. Anesi oti alibe mlandu uliwonse ali phwii m'makomomu zaka ziwiri zitatu kudikira boma liwalembe, akungogwira maganyu a m'zipatala aja amati locum ndi upkeep, ndiye wa YES adzadutsira pati?

Sisita Wakale anayankha:

Apo pokha wanena zoona mwana wa ku Chibavi, ndipo sindimunamiza mtsikanayu kuti kuulula kulibe mtengo. Malo ena adzamusiya chifukwa cha YES ameneyo ndipo sadzamuuza nkomwe chifukwa chake. Ulova wa anamwino uliponso, NONM, bungwe loimira anamwino ndi azamba, yakhala ikulira nkhani imeneyi chaka ndi chaka. Koma kukanidwa pa geti ng'ombe zili m'khola ndi kuchotsedwa chaka chachitatu ng'ombe zitadyedwa kale si zofanana. Ndinaonapo mwana wa sukulu akulongedza chikwama ku hostel kutatsala miyezi inayi kuti alembe mayeso omaliza, nkhani yake inali ya satifiketi osati ya khothi, koma kulira kwa mayi ake pa geti paja sindidzaiwala.

Iwe mtsikana, YES wako usamusiye yekha pa fomu ngati mwana wamasiye. Phatikiza kalata yaifupi, tsamba limodzi, zimene unachita, chilango, kubweza, zimene wachita kuchokera pamenepo. Usalembemo zambiri za matenda a mayi, ma panel atopa nazo nkhani zomvetsa chisoni, mzere umodzi wakwana. Upezenso makalata a anthu amene akudziwa mlanduwo koma akukuikira umboni, abusa kapena ansembe ako, ahedi a ku open school, tcheya wa banki mkhonde uja. Ndipo nesi amene unamugwirira chitenje uja ngati akadalipo, mufunefune, kalata ya in-charge wa pamene unagwira chilango imalemera kuposa ya abusa chifukwa iye anakuona ukugwira ntchito pafupi ndi katundu wa chipatala miyezi yonseyo.

Nesi wa ku Leeds anayankha:

Ndangodutsa ndili pa break ya naiti, kuno kukuzizira kuposa Mzuzu wa Julaye kkkk. Ine ndinaphunzira konko, ndinagwira zaka 6 kenako ndinabwera kuno ku UK. Ndingowonjezera za kunja chifukwa ana ambiri olowa unesi masiku ano diso lili pa ndege, olo asanene.

Kuno bodza la pa fomu silikhalitsa. Kuti ulembetse ku NMC, imene ndi Council ya anamwino ya kuno, umayenera kulengeza za khalidwe lako ndi milandu, Council ya kwanu imatumizanso umboni woti uli bwinobwino mu kaundula wawo, pa visa ya ntchito za umoyo amafuna police certificate ya dziko lililonse limene wakhalamo miyezi 12 kapena kuposa pa zaka 10 zapitazi, ukafika bwana amafufuzanso mbiri yako ya milandu, amati DBS check. Ali ndi lamulo la 1974 lotchedwa Rehabilitation of Offenders Act limene limalola kuti milandu ina ikapita nthawi usamaitchulenso pofunsira ntchito, koma unesi anaupatula, sungabisale kumbuyo kwa lamulo limenelo mwachisawawa. Chabwino chake nchoti kukhala ndi mlandu sikutanthauza kuti basi watsekeredwa, amaona nkhani iliyonse payokha, unali mlandu wanji, papita nthawi yaitali bwanji, unabwerezanso kapena ayi, ndipo ukuonetsa kuti unazindikira kulakwa kwako. Chimene sakhululuka ndi dishonesty, munthu amafufutidwa mu kaundula chifukwa chobisa kanthu kakang'ono koti akanaulula akanangomufunsa mafunso awiri.

Tsono taganizani sisi, ku Malawi mwalemba NO, patatha zaka 7 mukufuna kutuluka, clearance ikutuluka ndi mlandu wa 2021, mapepala awiriwa akutsutsana ndipo onse ali ndi siginecha yanu. Pamenepo mwadzitsekera kunja ndi kwanu komwe. Ku America nakonso ma board a unesi a state iliyonse amafunsa za milandu usanapatsidwe layisensi, kukhoza mayeso awo a NCLEX kokha sikukwanira. Bell yalira, ndathawa.

Bambo a Tiyanjane anayankha:

Ine yanga inali ya chamba, 2016, anandipeza ndi kampukutu m'thumba pa roadblock ndikuchokera ku Nkhata Bay, ndinalipira faindi. Si unesi koma ndi za chipatala zomwezo zimene ndinaphunzira. Malo oyamba kufunsira ntchito ndinaulula, mayi wina pa panel anavula magalasi nkundiyang'ana kuyambira nsapato mpaka tsitsi, intavyu inathera pomwepo olo anapitiriza kufunsa za mwambo chabe. Ndinabwerera wapansi mpaka ku Mchengautuwa ndikudzitukwana kuti ndaululiranji. Malo achiwiri fomu yawo inalibe funso limenelo ndipo sanafunse, ine sindinayambitse, ndinagwira kontrakiti ya chaka. Malo achitatu, NGO, anafuna clearance asanandipatse kalata, ndinawauza ndisanakadinde zala kuti mupezamo chakuti, bwana wake anaseka nkuti bola wanena. Ndili pompo mpaka lero chaka chachisanu.

Ndiye mlongo konzekani kuti ena adzavula magalasi. Komanso yanga ndi yanu si zofanana ndikuvomereza, wa chamba amamuseka, wakuba amamuopa. Chimene chingakuthandizeni ndi nthawi, mukamadzamaliza dipuloma mlanduwo udzakhala ndi zaka 7 kapena 8 kumbuyo, nkhani ya mtsikana wa zaka 22 ikukambidwa ndi mayi wa zaka pafupifupi 30 amene ali ndi mapepala a ma practical onse osadetsedwa. Ku sukuluko musadzakhale msungichuma wa kalasi olo akukakamizeni bwanji, ndalama ya bash ikadzasowa K2,000 mudzalira.

Gadiyani wa ku Masasa anayankha:

Za banki mkhondezo ndamva. Maganizo anga sanasinthe kwenikweni koma bola inu mukufunsa poyera, amene anatenga foni ya bambo anga sanafunse munthu.

Wa ku Chiputula anayankha:

Ndabwera kudzakuuzani mmene ndayendera, pepani ndinasowa masiku angapo bandulo inatha. Lolemba ndinapita ku registry ndi pepala la belo lija, mwamwayi mayi analisunga mu Baibulo lawo. Akalaliki anandiuza kuti mafayilo a 2021 ali ku stoo ndibwere Lachinayi, Lachinayi ndinakhala pa benchi kuyambira 8 mpaka 2 koloko mvula ya Mzuzu ikuwaza pakhonde, koma inapezeka, chiswe sichinadye a Chibavi Boy kkkk. Palembedwa convicted on her own plea of guilty, ndinawerenga katatu. Kuona dzina lako lonse ndi la bambo ako pamwamba pa mawu amenewo mimba imatentha ngati ndi dzulo.

Pepala la community service akuti ndikatenge sabata ya mawa ofesala wake ali ku Rumphi. Zala ndikadinda ndikapeza ndalama yake, mwina mwezi ukatha tikagawana za banki mkhonde. Nesi uja ndamufufuza, anasamutsidwira ku Karonga koma mlonda wa pa chipatala paja wandipatsa njira yomupezera, sindikudziwa ngati andikumbuke, ndingomuuza kuti ndine wa chitenje uja.

Ankolo ndawaimbira kuti ng'ombe aziimike kaye mpaka yankho la ku Lilongwe libwere, anakwiya pang'ono akuti wogula anapezeka kale ndipo mitengo ikatsika ndi ine. Kalata ya kwa Registrar ndalemba pa pepala la kope koma chizungu chake chikundikayikitsa, ndime yoyamba ndaifufuta kasanu. Sisita Wakale ngati simudandaula ndingakutumizireni ku inbox muione ndisanapite nayo kotayipa? Komanso ndiitumize pa positi kapena ndipatsire munthu wa pa basi akaisiye pamanja kuti adinde kope yanga?